Etymonline pa mawu oti author: imafika pamuzu, koma imayenda njira imodzi

Online Etymology Dictionary, imene ambiri amangoitcha Etymonline, ndi tsamba la pa intaneti lofotokoza kumene mawu a Chingelezi anachokera. Anaiyambitsa Douglas Harper mu 2001, ndipo kuwerenga n'kwaulere. Mukalemba author (wolemba mabuku) pamalo ofufuzira, imakudutsitsani m'Chifalansa chakale mpaka kukafika ku auctor wa Chilatini, amene anachokera ku mneni augere, kutanthauza kukulitsa kapena kuchulukitsa. Apa yachita bwino, chifukwa imaonetsa kuti kulemba mabuku ndi tanthauzo limodzi chabe. Kwa Aroma, auctor anali woyambitsa chinthu, wochikhazikitsa, munthu amene mawu ake ankadaliridwa. N'chifukwa chake auctoritas amatanthauza ulamuliro, ndipo dzina la ulemu la Augustus likuchokera pa muzu womwewo.

Chokoma kwambiri ndi nkhani ya "th". Mu auctor mulibe h. Chilembochi chinakhazikika m'Chingelezi m'zaka za m'ma 1500, alembi atayamba kuganiza molakwika kuti mawuwa ndi a Chigiriki ngati authentic. Kenaka katchulidwe kanatsatira kalembedwe kolakwikako. Chenjerani ndi zaka zimene Etymonline imapereka: ndi za pamene mawu anapezeka koyamba m'zolembedwa, osati pamene anthu anayamba kuwalankhula.

Pofooka ndi apa: ntchito yake ndi ya mawu a Chingelezi okha. Wofuna kuyerekeza zilankhulo za ku Ulaya atsegule Wiktionary, dikishonale ya pa intaneti ya zilankhulo zambiri, apeze auctor pa gawo la Chilatini, atsike kumunsi kumene kuli mawu obadwa kuchokera pamenepo. Apeza auteur wa Chifalansa, autore wa Chitaliyana, autor wa Chisipanishi ndi Chipwitikizi. Chijeremani chili ndi Autor, Chirasha avtor. Kungoti Wiktionary amalemba aliyense, choncho tanthauzo la Chilatini litsimikizireni mu Lewis and Short, dikishonale ya Chilatini ya 1879, imene ili pa tsamba la pa intaneti la Perseus.

Ofufuza ambiri amagwa pawiri. Amasokoneza auctor ndi actor, pamene actor ndi wa mneni wina, agere, kuchita. Alembi akale nawonso ankawasokoneza. Amaganizanso kuti Ulaya yense anabwereka ku Chilatini. Ayi. Chiswidishi chimati författare, Chidanishi forfatter, ndipo onsewa ndi apachibale ndi Verfasser wa Chijeremani. Chihangare chili ndi szerző wakewake. Amenewa simuwapeza pansi pa auctor. Pitani pa author mu Wiktionary, pa gawo lomasulira mawuwa m'zilankhulo zina.