Draft control pa thalakitala yaing'ono: zimene ndaona pokumba mbatatesi

Thalakitala yanga yaing'ono inabwera ndi ndodo imodzi yokha yoyendetsera hayidiroliki yakumbuyo, yomwe amakaniko amaitcha position control, ndipo pa zaka zonse zimene ntchito yake inali kukoka ngolo ndi kutchetcha udzu sindinadandaulepo. Dandaulo linayamba nditagula makina okumbira mbatatesi a mzere umodzi, aja okhala ndi khasu lathyathyathya kutsogolo ndi tcheni chogwedeza dothi kumbuyo. Ndodo imeneyi imangogwira makinawo pamalo pamene mwawasiya poyerekeza ndi thalakitala, koma zimene nthaka ikuchita sizimaikhudza. Popeza thalakitala yaing'ono ndi yaifupi, matayala akutsogolo akangolowa m'kadzenje kumbuyo kumatukuka ndipo khasu limadula mbatatesi, pomwe akakwera pachibuma khasu limazama mpaka matayala akumbuyo kuyamba kuzungulira pamalo amodzi. Tsiku lonse ndinkayendetsa khosi lili chopotoka, dzanja lili pandodo, ndipo n'chifukwa chake ndinaganiza zoikitsa draft control, luso lothandiza thalakitala kutukula kapena kutsitsa yokha chipangizo chakumbuyo malinga ndi kulimba kwa dothi.

Luso limeneli si lachilendo. Harry Ferguson analembetsa nzeru yake mu 1926, ndipo inafika kwa alimi ambiri kudzera m'thalakitala ya Ford 9N ya mu 1939 ndi Ferguson TE20 ya mu 1946. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva: dothi likalimba, chipangizo chimafuna kupendekera kutsogolo n'kukankha chitsulo chapamwamba chotchedwa top link, chitsulocho chimafinya sipuling'i, ndipo sipuling'iyo imatsegula valavu kuti mafuta atukule chipangizo pang'ono. Potukulapo kulemera kumasamukira pamatayala akumbuyo, motero amagwira nthaka bwino m'malo moterereka.

Zida zimene ndinagula zinali zopangidwira mtundu wa thalakitala yanga: chogwirira top link chatsopano chokhala ndi sipuling'i, timitengo tachitsulo tolumikiza chogwiriracho ndi valavu, ndodo yachiwiri ya pambali pa mpando, ndi mabauti ake. Zitsulozo n'zolimba ndipo zinalowa popanda kuboola kapena kuwotcherera, koma kapepala ka malangizo kanali kosakwanira, makamaka pa nkhani ya kutalika kwa kamtengo kobweza uthenga ku valavu. Makaniko amene anandiikira anagwira ntchito yaukhondo, anaphimba malo onse otsegula kuti fumbi lisalowe m'mafuta, koma kamtengo kameneka anakafupikitsa mopitirira muyeso, moti poliza injini pampu inkangolira ngati ikunyamula katundu pamene kumbuyo kunalibe kanthu. Anabweranso mawa lake n'kukonza osalipiritsanso, ndipo pa chimenecho ndikumuyamikira.

M'mbali ya munda imene dothi lake n'lofanana, zotsatira zake zinandisangalatsa kuyambira mzere woyamba. Khasu linkayenda pansi pa mbatatesi mosadukiza, injini inasiya kubanika, matayala anasiya kukumba maenje, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamaliza mzere wathunthu maso ali kutsogolo. Munthu ukaika dzanja pandodo yatsopanoyo umamva makina akudzikonza okha pang'onopang'ono, ngati munthu wonyamula mtolo amene akusinthasintha phewa.

Komabe pali chinthu chimene wogulitsa sanandiuze, ndipo ndicho chofunika kwambiri kwa mlimi wa mbatatesi. Draft control imasunga mphamvu yokoka kuti ikhale yofanana, siisunga kuzama. Polima ndi pulawo kusiyana kumeneku kulibe vuto, chifukwa mzere ukachepa kuzama ndi zala ziwiri palibe chimene chaonongeka, koma mbatatesi zimakhala pamalo pamene zinamerera kaya dothi ndi lofewa kaya ndi lolimba. Kumunsi kwa munda wanga kuli chigawo cha makande, ndipo khasu litangofika pamenepo makina anamva kulemera n'kulitukula, monga mmene anapangidwira. Nditatsika kuti ndione, ndinapeza mbatatesi zitayalika pamwamba pa dothi lakuda, zambiri zitadulidwa pakati bwinobwino ngati ndi mpeni, mkati mwake mukuyera mbuu, zidutswa zinazo zitatsalira pansi. Pamchenga zinachitika mosemphana: khasu linazama mopitirira, tcheni chinadzaza dothi, ndipo mbatatesi zina zinakwiririkanso kumbuyo kwa makina.

Vuto lachiwiri ndi kugwedezeka. Makina okumbirawa amazunguliridwa ndi PTO, chitsulo cha kumbuyo kwa thalakitala chozungulira ka 540 pa mphindi, ndipo kunjenjemera kwa tcheni kumafika mpaka ku sipuling'i, yomwe siitha kusiyanitsa kunjenjemera ndi kulimba kwa dothi. Ndodo ikakhala poti izimva msanga, makinawo amangodumphadumpha. Ndinathana nazo posamutsira top link pabowo limene buku la thalakitala limanena kuti ndi la ntchito zolemera, komanso potseka pang'ono valavu ya pansi pa mpando yochepetsa liwiro lotsitsira chipangizo.

Njira imene yandithandiza ndi yogwiritsa ntchito ndodo zonse ziwiri pamodzi. Ndimayamba ndakumba ndi manja phando limodzi kuti ndione pamene mbatata yapansi kwambiri yalekezera, kenaka ndimaika position control kuti khasu lisatsike kupyola pang'ono pamenepo, ndipo draft control ndimaiika poti izitukula pokhapokha khasu likagunda mwala kapena muzu. Ndinaonjezeranso timatayala tiwiri tam'mbali mwa makina okumbira, toyenda m'ngalande za mizere, ndipo kunena zoona timatayala timeneti, tomwe n'totsika mtengo kwambiri kuposa zida zonse zija, ndi timene tathetsa vuto lodula mbatatesi.

Kwa mlimi amene thalakitala yake imalimanso ndi pulawo kapena kukoka chophwanyira nthaka yolimba, zida zimenezi n'zoyenera kugula, ndipo ine sindingazichotse, chifukwa pa ntchito zimenezo phindu lake limaoneka tsiku lomwelo. Koma amene akuzifunira kukumba mbatatesi kokha, makamaka m'munda wa dothi losakanikirana, ayambe wayesa timatayala tosunga kuzama, ndipo asanalipire chilichonse afunse ngati thalakitala yake ili ndi malo olumikizirapo draft control, popeza pa mathalakitala ena ang'onoang'ono pamafunika kusintha chivindikiro chonse cha hayidiroliki pamodzi ndi valavu yake.