DQQ ndi yachangu koma kuchuluka kwa chakudya siiona

Anzanga amene mumayenda m'midzi ndi ma tabuleti kufunsa za kadyedwe, DQQ (Diet Quality Questionnaire), fomu ija ya mafunso a kadyedwe ya Global Diet Quality Project, ndayigwiritsa ntchito ndipo ndaikonda, bola musaitenge ngati ikuuzani zonse. Mafunso ake ndi a eya kapena ayi, magulu 29 a zakudya zomwe munthu anadya dzulo, mphindi 5 basi mwathana nawo amayi abwerere kudimba. Pomwepo mumapezanso MDD-W, ija yoona ngati mayi wa zaka 15 mpaka 49 wadya magulu osachepera 5 mwa 10. Chandisangalatsa kwambiri n'chakuti DQQ imafunsanso za zakumwa zotsekemera ndi zokazinga ngati tchipisi ndi mandasi, zomwe tikamangowerenga magulu 6 athu a zakudya aja sizioneka bwino.

Koma nkhani ya mlingo ndi yomwe ikundivuta. Mayi wanyenya kausipa kochepa mu mphika wa nkhwani kuti ndiwo zikome, banja lonse lapisamo, akayankha kuti eya nsomba tinadya fomu imangolemba eya, chimodzimodzi ndi amene wadya chambo chathunthu yekha. Apa 24-hour recall, njira yofunsa munthu zonse zomwe wadya m'maola 24 apitawo ndi kuyeza mlingo wake, ndiye imaposa ngakhale ndi yotopetsa zedi, umakhala pamkeka nthawi yaitali kufunsa mitanda ingati ya nsima, chipande chake chachikulu bwanji, mafuta anathira a tchubu kapena supuni, ndiye ngati anadyera mbale imodzi ndi ana mutu umaima, kenako upite nazo ku Food Composition Table yathu ya 2019, buku loonetsa michere yopezeka m'zakudya, kukawerengera ayironi ndi zinki. Ndalama zimapita zambiri koma umadziwadi zomwe zalowa m'thupi.

FCS (Food Consumption Score), njira ya bungwe la WFP yoyezera kadyedwe, ine sindiiyika pamzere umodzi ndi ziwirizi. Imafunsa masiku 7 komanso za khomo lonse, nyama ndi mkaka imazipatsa mapointi 4, nyemba 3, masamba 1 pa tsiku lililonse lomwe zadyedwa, mapointi onse akadutsa 35 akuti zili bwino, pomwe mwina nyamayo inathera m'mbale ya bambo mwana wangomwa msuzi.

Chinanso, tsiku limodzi silikwana. Funsani mu Disembala mango ali mbwee aliyense aoneka wodya zipatso, mubwerenso mu Febuluwale muone. Survey yaikulu ya boma lonse DQQ ndingaitengenso osakaika, koma ngati mukufufuza za kuchepa kwa magazi kwa amayi oyembekezera pezani ndalama ya recall, ndipo ena mwa iwo muwafunse kawiri masiku osiyana.