Nyumba yanga ya ma SSB patatha miyezi 19: khoma limodzi landidyera matumba 14 a simenti

Alamu anga anandiimbira Loweruka lapitali, akuti apeza poloti ku Mpemba ndiye amafuna kudziwa ngati njerwa zosaotcha zija ndinkazichemerera nditangolowa mnyumba zidakali bwino, kapena ndinkangotengeka ndi fungo la penti. Foniyo inandipeza ndili kuseri kwa nyumba, mmanja muli kapepala komwe amisiri andilembera zoti ndigule, matumba 14 a simenti, mchenga thiripi imodzi, kwale, magatala. Ndinangoseka ndikuwauza kuti alamu dikirani ndikhale pansi ndilembe, chifukwa ndikanayankha nthawi yomweyo ndikanangoti musayerekeze, pomwe nkhaniyi sili choncho yonse.

Kwa amene simukuzidziwa, ma SSB ndi mabuloko a dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, amawapana pamashini mwamphamvu kenako kuwafunditsa pulasitiki ndikumawathirira madzi mpaka akhwime. Palibe uvuni, palibe nkhuni. Anga ndi aja olowana okhaokha, ali ndi kamzere pamwamba ndi mmbali ndiye amangosanjidwa osaika matope pakati, kupatula mizere ya pansi penipeni ndi ya kumtunda kufupi ndi ling'ibimu. Nyumbayi ndi yazipinda zitatu, ili chakuno ku Chileka, tinalowamo Okutobala 2022.

Ndisaname kuti ndinasankha njerwazi chifukwa chokonda mitengo kwambiri. Inde ndinakulira ku Ndirande ndipo phiri lija ndinaliona ndi maso angawa likumetedwa mpala, komanso ndikaona lole itasenza zipika za mango zopita ku uvuni mtima umandiwawa ndithu. Koma chomwe chinandikoka ndi masamu. Bambo wina yemwe ali ndi mashini ake anandiwerengera kuti dothi ndi lapapoloti pomwepo, katondo wabwino wosafuna kugula, thiransipoti ya njerwa palibe, zosweka potsitsa palibe, simenti yomangira ndi yochepa ndipo kunja sindidzafunika pulasitala. Anandikumbutsanso kuti kuyambira 2018 a NCIC, bungwe lomwe linkayang'anira zomangamanga mdziko muno, analetsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda, ndiye akuti bwana kulibwino muzolowere pano, zinthu zikupita kumeneko. Nyumba ya munthu wamba ngati yanga lamulolo silinkandikakamiza, koma mawuwo anandilowa.

Zabwino ndizinene msanga chifukwa zilipo. Mkati mumazizira bwino mwezi wa Okutobala, Chileka mukuidziwa mmene imaotchera, koma masana ukalowa pabalaza umachita kumva kusiyana ndi nyumba ya mabuloko a simenti yomwe tinkachita lendi ku Chirimba. Phokoso la panja silimveka kwambiri. Makoma ndi owongoka, mmisiri wa mawindo sanavutike. Chiswe sichinaonekepo. Maonekedwe ake ofiirira aja anthu odutsa amaima ndikufunsa, mpaka mai a kunyumba anatopa nako kuyankha. Misomali yokha ndiye iwalani, pofuna kupachika kanthu pamafunika dirilo ndi ma plug, mukakhoma ndi hamala kachidutswa kamagamphuka.

Chondidabwitsa chinali namondwe wa Freddy. Marichi 2023 mvula ija inagwa masiku angapo osakata, anzathu ku Chilobwe ndi mmunsi mwa Soche anataya miyoyo ndi katundu, sindifuna kuyerekeza zanga ndi zimenezo ayi. Kuno kwathu mipanda ingapo ya njerwa zootcha zomangira matope inagona pansi, ya aneba anga inagwera mdimba mwawo usiku. Ine sindinagone masiku atatu, tochi mmanja kuzungulira zipinda kufunafuna mng'alu, mumtima ndikuti nyumba yadothi iyi isungunuka ngati shuga mu tiyi. Sinasungunuke. Makoma atatu anatuluka mmvulamo ngati sipanachitike kanthu, ndipo nthawi imeneyo mukanandifunsa ndikanakuuzani kuti aliyense amange ndi ma SSB basi, osaganizanso kawiri.

Khoma lachinayi ndi lomwe landilembetsa zonsezi.

Ndi lakumbuyo, mbali ya khitchini ndi bafa, komwe mvula imawombera ikabwera ndi mphepo. Mvula ya Freddy itatha ndinaona kuti mizere inayi ya pansi yada ndipo sikuuma ngati kwina, koma ndinati nanga si mvula yake inali yoopsa, ziuma. Zinaumadi chakumapeto kwa Meyi. Kenako mai a kunyumba akusesa kuseri anayamba kudandaula kuti tsiku lililonse mmbali mwa khoma mumakhala kadothi kofiira ngati wina wasefa ufa. Ine ndinkati ndi fumbi la mumsewu. Tsiku lina ndinatenga kiyi wa geti ndikukanda buloko imodzi, aaa, kiyi analowa ngati ndikukanda chigumu. Kupita kutsogolo kwa nyumba kukanda chimodzimodzi, kunangotsala kamzere koyera, buloko ili gwa.

Dzinja lachiwiri ili ndiye zinaonekera poyera. Ngodya za mabuloko zinayamba kudyeka, ndere zobiriwira kumera, mkati mwa khitchini penti wapansi kufufuma ndikumasupuka, kabati yomwe inagunda khomalo kumbuyo kwake kunachita nkhungu mpaka ufa wa phala la mwana tinataya. Fungo la chinyontho lija ukalowa mmawa limakulandira pakhomo. Apa ndiye ndinayamba kutukwana tsiku lomwe ndinakumana ndi bambo wa mashini uja.

Apongozi anga aamuna atabwera kudzaona sanachedwe kundikumbutsa. Iwo ndi a CCAP enieni, ndiye chitsanzo chawo ndi chimodzi nthawi zonse, tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI. Akuti mwana wanga, chija anamanga a David Clement Scott kuyambira 1888 mpaka 1891, njerwa zake anaumba ndi kuotcha pompaja, mpaka lero anthu akupempheramo, iwe ukuti njerwa yootcha yatha ntchito? Sindinawatsutse, munthu sutsutsana ndi apongozi uli pakhoma loti likugumuka. Koma mumtima ndinkati njerwa za pa HHI sizofanana ndi zomwe timagula mmauvuni a mmbali mwa msewu masiku ano, zomwe zamkati zimapserera, zakunja ndikutsala zosapsa, theka lake ndikuswekera mulole. Ndipo Mandala House ya 1882 ija ndi yakale kuposa tchalitchicho koma chomwe ndimaona ine ndikapitako ndi khonde lake lalikulu lozungulira, makoma ake mvula siwapeza wamba. Ine khonde lakumbuyo ndinalidula pofuna kupulumutsa malata.

Eya, pamenepo ndivomere. Denga lakumbuyo linangotuluka pang'ono, magatala sindinaike, ndipo pansi mmbali mwa khoma sindinathire konkire, ndinati tidzapanga ndalama zikapezeka. Ndiye madzi onse a padenga amagwera pafupi ndi khoma ndikumathovukira pa mabuloko apansi, dzinja lonse. Mbali imeneyo mlandu ndi wanga.

Koma sizinandikwanire, chifukwa khoma la mbali ya kuchipinda chogona nalonso lilibe gatala koma silikudyeka. Mmisiri wina wachikulire yemwe ndinamuitana, osati amene anamanga, ndi amene anandionetsa njira. Anati abwana muli ndi mabuloko otsala? Analipo, ena kuseri kwa chimbudzi chapanja otsala pa gulu loyamba, ena pansi pa mtengo otsala pa gulu lomaliza. Anatenga imodzi uku imodzi uku, kuziika mu ndowa ziwiri zamadzi, ndikuti tionane mawa. Mmawa mwake ya gulu loyamba inali momwemo, madzi ake oyera, kungolemera basi. Ya gulu lomaliza madzi anali ofiira ngati a mumtsinje wa Lunzu nthawi ya dzinja, ngodya zonse zitasungunuka, kuikanikiza ndi chala ikuphwanyika. Bamboyo anangopukusa mutu ndikuti umu simenti anangonunkhiritsamo.

Ndiye ndinakumbuka. Pangano lathu ndi bambo wa mashini uja linali mawilibala 7 a dothi losefa pa thumba limodzi, ndipo mabuloko akhale pansi pa pulasitiki akuthiriridwa, asagwiritsidwe ntchito masabata atatu asanakwane. Magulu oyamba ndinkaimapo ndekha, simenti ndinkagula ndekha, matumba opanda kanthu ndinkawerenga madzulo. Gulu lomaliza linapangidwa ine ndili ku maliro ku Ntcheu sabata yathunthu, ndinangotumiza ndalama ya matumba 20 pafoni kuti ntchito isaime. Nditabwerako ndinapeza khoma lakumbuyo lafika kale pawindo ndipo ndinasangalala kuti anyamatawa ndi achangu, osadzifunsa kuti mabuloko oumbidwa Lachiwiri akwera bwanji pakhoma Lolemba lotsatira. Mnyamata wina yemwe ankagwira ganyu pamenepo, timakumana kumsika, nditamufunsa mwaulemu ndikumugulira fanta anandiuza kuti sabata imeneyo ankathira mawilibala 11 nthawi zina 12, ndipo kuthirira anathirira masiku awiri okha chifukwa madzi ankagula pa mjigo ndipo abwana awo anati akuwononga ndalama.

Kumupeza mwini mashini inali ntchito payokha. Foni yoyamba anayankha mwansangala, bwana bwana, za masiku. Nditangotchula khoma, netiweki inayamba kuvuta. Masabata awiri ndikuimba osayankha, pa WhatsApp timizere tiwiri tabuluu koma zii. Ndinachita kumulondola pa sayiti ina ku Lunzu komwe ankaumba mabuloko a mpanda wa sukulu, nditanyamula buloko yosungunuka ija mu jumbo. Sindinakalipe, ndinangoitulutsa pamaso pa kapitawo wa pamenepo ndikumufunsa mwini mashiniyo kuti achimwene, iyi ndi ntchito yanu kapena ayi? Nkhope inasintha. Anandikokera pambali ndikuyamba zoti vuto ndi gatala, vuto ndi khonde, anandiuza kale. Ndinati zoona munandiuza, nanga ndowa ija inalinso ndi vuto la gatala? Anakhala chete kenako akuti mwina anyamata anachita zawo iye kulibe. Mwinadi, kaya, koma ndalama ya matumba 20 inalowa mufoni yake osati ya anyamata.

Tinagwirizana kuti apereka matumba 6 ndi anyamata awiri oti agwire ntchito masiku atatu ulele, abweretsenso mabuloko 60 abwino osinthira omwe adyeka kwambiri. Mabuloko anabweretsadi, ndinawaviika kaye mundowa asanatsitse onse, ali bwino. Matumba abwera 4.

Chomwe chikundiwawa kwambiri ndi nthawi yake. Zikanakhala kuti ndinathira konkire ndi kuika magatala mu 2022 pomanga, bwenzi zili zotchipa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo simenti, malata, magatala, chilichonse cha mu hardware chinakwera, ndiye ntchito yomwe ndinaithawa kuti ndisunge ndalama ndikuilipira pamtengo wina. Ndikawerengera zonse, ndalama yomwe ndinapulumutsa posagula njerwa zootcha, posalipira malole ndi posapaka pulasitala kunja, pafupifupi theka lake labwerera mukhoma limodzili. Theka linalo lidakali mthumba mwanga, ndiye sindinganene kuti ndinaluza. Kungoti phindu lake si lija ankandiwerengera pa kapepala tsiku loyamba.

Kakonzedwe kake mmisiri wachikulire uja wandiphunzitsa kanthu kena komwe sindinkadziwa. Ine ndinkafuna pulasitala wamphamvu kwambiri, simenti yambiri, kuti zithere pomwepo. Iye wakana, akuti pulasitala wolimba kuposa khoma lake sagwirana nalo, amadzasupuka ngati chikhungwa ndipo chinyontho chimatsekeredwa mkati ndikumadya buloko mwakachetechete. Akuti ndi chimodzimodzi nyumba zakale za njerwa zofewa zomangira laimu, ukazimata simenti yolimba umaziwononga mmalo mozikonza. Ndiye tikupaka wofewerapo, kuyambira pansi kufika mchiuno, khoma litauma kaye bwinobwino, kenako konkire yotsetsereka kuzungulira nyumba yonse kuti madzi azithawira kutali, ndi magatala mbali zonse. Kukongola kofiira kuja kumbuyo kwatha, kukhala mkanda wotuwa, mai a kunyumba akuti bola kabati iume.

Ndiye alamu, yankho lanu ndi ili. Lero mmene ndatuluka mu hardware ndikanakuuzani kuti gulani mabuloko a simenti mupume, ngakhale nawonso akuba simenti alipo ambiri, mabuloko ena mumachita kuwaphwanya ndi phazi. Koma dzulo masana nditakhala pabalaza kunja dzuwa likuswa mtengo, ndinkati nyumba iyi sindingaisinthanitse. Mukafuna ma SSB ku Mpemba kuja, yambani mwaonetsa dothi lanu kwa munthu wodziwa chifukwa la makande silichita, simenti muzigula nokha ndipo tsiku loumba mukhalepo kapena pakhale mlongo wanga akuwerenga mawilibala, gulu lililonse muviike imodzi mundowa usiku wonse musanalole kuti ikwere pakhoma, ndipo ndalama yomaliza ya woumba muigwire mpaka mabuloko akhwime. Khonde musadule ngati ine. Nambala ya bambo wa mashini uja musandipemphe panopa, ndiona kaye ngati matumba awiri otsalawo afika. Anati Lachisanu, ndipo ili ndi Lachisanu lachitatu.