Chilimwe kapena dzinja: tipite liti kokaona nyama?

Funsoli limabwera chaka ndi chaka, ndipo yankho langa kwa amene akupita koyamba silisintha: pitani ku Liwonde mu Ogasiti kapena Seputembala. Nthawi imeneyi udzu wauma, mitengo ya tsanya yayoyola masamba, madambo aphwa, ndiye nyama zonse zimatsikira ku mtsinje wa Shire. Mukakwera boti madzulo mumaona njovu zikumwa m'gulu, mvuu zikufwenthera pafupi, ng'ona zitayasama pamchenga, nkhwazi ikulira pamwamba pa mgwalangwa. Ngakhale mikango, imene bungwe losamalira mapaki la African Parks linabwezeretsa m'pakiyi mu 2018, simuvutika kuisaka monga m'dzinja, chifukwa imatsatira nyama kumadzi komweko.

Okutobala ndiye nyama zimaunjikana koposa, koma kutentha kwake si kwamasewera. Ku Majete ndi ku Lengwe, m'chigwa cha Shire, kumatha kufika madigiri 40. Ngati mwatenga ana aang'ono kapena agogo, mwezi umenewu ndi wolemetsa. Juni ndi Julaye kumazizira bwino, koma udzu umakhala usanagwe kwenikweni.

Dzinja lili ndi zovuta zake zodziwika. Dothi la makande ku Liwonde likanyowa, galimoto imatitimira, misewu ina imatsekedwa, udzudzu umachuluka, ndipo njovu imatha kuima pafupi nanu osaiona chifukwa cha thengo. Komabe amene amanyoza dzinja sanaone nswala zikuswa mvula yoyamba itangogwa, tiana tikudumphadumpha pamsipu wanthete. Mbalame zochokera ku Ulaya ndi kumpoto kwa Africa zimafika kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo. Alendo amachepa, ndipo malo ogona ambiri amatsitsa mitengo, zomwe kwa ife a ndalama ya kwacha si nkhani yaing'ono.

Nyika ndiye imasokoneza zonse ndanenazi. Pakiyi, yaikulu kuposa onse m'Malawi, ili pamwamba pa mapiri opitirira mamita 2,000, ndipo kukongola kwake kumafika pachimake mvula ili mkati. Januwale ndi Febuluwale mapiri amadzaza maluwa, kuphatikiza mitundu yoposa 200 ya maluwa a m'banja la chinaka, ndipo mbidzi ndi ntchefu zimadya poyera pamsipu wobiriwira. Mu Juni ndi Julaye ku Chelinda, komwe kuli malo ogona alendo m'pakiyi, kumagwa chisanu choumitsa udzu usiku, ndipo nyama zina zimatsikira kumunsi kofunda. Vuto ndi msewu wochokera ku Rumphi kudzera pachipata cha Thazima: m'dzinja musayerekeze kupita ndi galimoto yaing'ono. Pezani yamphamvu yoyenda ndi mawilo onse anayi, nyamukani m'mawa, ndipo tengani juzi ngakhale ndi mu Januwale.