Makobili asiliva otoledwa m'nthaka: momwe akuonekera dzinja litadutsa chiwatsukireni

Pa tsiku lotsuka kobili lililonse limasangalatsa. Zoona zake zimadziwika likadutsa dzinja la ku Harare, kuyambira Novembala mpaka Malichi, pamene chinyontho chimalowa ndi m'kabati momwe. Makobili omwe tikunena pano anapezeka ndi makina ofufuzira zitsulo m'nthaka, anatsukidwa m'njira zosiyanasiyana mvula isanagwe, ndipo tsopano padutsa miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Omwe akuoneka bwino lero ndi aja omwe sanavutitsidwe kwambiri. Ambiri mwa aja anawalitsidwa mbee ayambanso kuda, ndipo akuda mwamawangamawanga.

Musanatsuke, werengani chaka. Ndalama za Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero), zomwe agogo athu ochokera ku Nyasaland ankalandira kumapulazi ndi kumigodi, sizofanana ngakhale zimaoneka chimodzimodzi. Kupatula mapeni ndi mahafupeni, za 1932 mpaka 1942 zili ndi siliva magawo 925 pa 1000. Za 1944 mpaka 1946 siliva ndi theka chabe. Kuyambira 1947 tiki, sikisipensi, sheleni, masheleni awiri ndi half crown (masheleni awiri ndi theka) ndi za kopa (mkuwa) wosakaniza ndi nikeli, mulibe siliva, chimodzimodzinso za Rhodesia and Nyasaland zoyambira 1955. Za ku Britain zinali 925 mpaka 1919, kenako theka mpaka 1946. Za ku South Africa zinali 800 kuyambira 1923 mpaka 1950. Sikelo sikuthandizani apa, chifukwa sheleni imalemera pafupifupi magalamu 5.66 kaya ndi yasiliva kaya ayi, ndipo maginito sakoka iliyonse mwa izo. Chaka ndicho chimakuuzani kuchuluka kwa kopa, ndipo kopayo ndi amene amabweretsa mavuto pakapita miyezi.

Njira yomwe yapirira bwino ndi ya madzi okha. Viikani kobili m'madzi oyeretsedwa (distilled water), aja amagulitsa othira m'batire la galimoto (onetsetsani kuti pabotolo palembedwa madzi, osati asidi), ndipo muzisintha madziwo tsiku lililonse kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Dothi lofiira la kuno limamatirira m'zilembo, koma likafewa limachoka ndi kamtengo kansungwi kosongoka, kobili lili m'madzi momwemo. Musalipukute ndi chala likadali ndi dothi: mchenga ndi wolimba kuposa siliva, ndipo timizere tomwe umasiya sitichokanso. Madzi a pampopi ali ndi klorini, a pachitsime amasiya madontho oyera akauma, choncho onsewa sayenera kukhala otsukuluzira komaliza. Makobili otsukidwa chonchi sanasinthe konse. Ali ndi mtundu wotuwira womwe anatuluka nawo m'nthaka, zilembo zikuwerengeka, mbalame ya pa sheleni ikuoneka bwino chifukwa kuda kwatsala m'mbali mwake. Kuda kopyapyala kotere kumachedwetsanso kuda kwatsopano, ndipo ogula ndalama zakale amakufuna.

Njira ya foyilo ndi soda wophikira yatuluka pawiri. Mumayala foyilo ya aluminiyamu m'mbale yagalasi, kuika kobili likhudzane ndi foyiloyo, kuthira supuni yaikulu imodzi ya soda ndi madzi otentha kwambiri okwana mamililita 250, n'kudikira mphindi ziwiri mpaka zisanu. Kuda kwa siliva kumabwera ndi safa (sulphur), ndipo aluminiyamu amachotsa safayo, n'chifukwa chake pamamveka fungo la dzira lowola. Mchere musathire ngakhale ena amatero. Umafulumizitsa ntchito koma umatsalira m'timaenje ta kobili. Pa makobili a 925 omwe anatsukuluzidwa katatu, kuviikidwa mu acetone (mankhwala amadzi ouma msanga) kuti madzi achoke ndi kuumitsidwa usiku wonse, zotsatira zili bwino ndithu: angoyamba chikasu chochepa m'mphepete. Omwe anangotsukuluzidwa kamodzi ali ndi madontho oyera m'zilembo, soda wotsalira. Pa makobili a 1944 mpaka 1946 njirayi yatikhumudwitsa. Amatuluka otumbuluka, ena ofiirira, ndipo dzinja litafika mawanga obiriwira anatulukiranso pamalo pomwe analipo kale, poti foyilo sachotsa dzimbiri la kopa lomwe lili pansi.

Dzimbiri lobiriwiralo limafuna citric acid (asidi wopezeka m'mandimu) wochepa mphamvu, magalamu 5 m'madzi mamililita 100, kwa mphindi zitatu mpaka zisanu muli pomwepo kuyang'ana. Madzi akayamba kubiriwira chotsani kobili, liviikeni m'madzi a soda kuti asidi athe mphamvu, kenako tsukuluzani. Aja anasiyidwa usiku wonse m'madzi a mandimu kapena viniga ndiwo awonongeka kuposa onse. Asidi anadya kopa wa pamwamba, nkhope ya mfumu inakhakhala ngati sandipepala, ndipo m'timaenjemo ndi momwe chinyontho chakhala chikubisala miyezi yonseyi.

Mankhwala otsukira mano, Brasso ndi soda wopaka ndi chala zimawalitsa pochotsa siliva weniweniyo. Poyamba sizioneka, koma kuda kukamabwerera kumatsata timizere tija, ndiye kobili limaoneka lokandika ngakhale mutaliona patali. Mankhwala ogula a madzi oviikamo siliva amagwira pa masekondi ochepa. Osatsukuluzidwa mokwanira anasanduka achikasu pasanathe miyezi iwiri. Kutsuka ndi magetsi a chaja ya foni kusiyeni: kumatsegula maenje omwe dothi linkabisa.

Pali chikhungu china chotuwa, cholimba, chosachoka ndi madzi ngakhale ndi kamtengo. Chimenecho ndi silver chloride, ndipo chimasungunuka mu amoniya wa m'nyumba wosakaniza ndi madzi. Chitani izi panja, pa makobili a 925 okha chifukwa amoniya amadya kopa, tayani madziwo nthawi yomweyo, ndipo asayandikane ndi Jik: mpweya wake ndi wakupha. Dziwaninso kuti pansi pa chikhungucho nthawi zambiri pamakhala pokumbika kale. Ngati chaka chikuwerengeka, ife timati chisiyeni.

Chomwe chasiyanitsa makobili kwambiri m'miyezi imeneyi ndi kasungidwe. Okulungidwa m'nyuzipepala, omangidwa ndi mphira kapena ogonekedwa pansalu ya ubweya ada msanga, chifukwa zonsezi zimatulutsa safa, ndipo mphira umasiya mzere wakuda bii. Timatumba tofewa ta pulasitiki ya PVC tasiya utoto wobiriwira womata. Umachoka ndi acetone weniweni, osati uja wochotsera penti wa m'zikhadabo yemwe ali ndi mafuta. Omwe ali m'timabokosi tolimba ta pulasitiki, kobili lililonse palokha, m'chitini chotseka bwino chokhala ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyontho, ali monga momwe anaikidwira. Timapaketito tiziumitsidwa mu uvuni wosatentha kwambiri kamodzi pa mwezi nthawi ya mvula. Renaissance Wax (phula lotetezera zitsulo) wopaka mopyapyala wathandiza pa makobili a theka la siliva, malinga aume kaye. Wopakidwa pa kobili lonyowa anatsekera chinyontho mkati. Pogwira, gwirani m'mphepete: chidindo cha chala sichioneka lero, koma pakatha miyezi itatu chimakhala chitadindika.

Chinthu chooneka kuti si ndalama wamba, kapena chopezeka pafupi ndi mabwinja ndi manda akale, chisatsukidwe ndi chilichonse. Malo otere amatetezedwa ndi National Museums and Monuments of Zimbabwe, kukumbapo n'koletsedwa, ndipo chinthucho chikaonetsedwe ku Zimbabwe Museum of Human Sciences dothi lake likadalipo.