Chionetsero cha zingwe pa Kasungu: mphamvu zinalipo, koma nyimbo zinatsalira

Loweruka lapitali ndinakaonera gulu la achinyamata ochita masewera a m'malere mu holo ina pa boma la Kasungu, ndipo gawo limene linandigwira mtima ndi la mnyamata wina amene ankagwiritsa ntchito malamba awiri omangidwa kuchitsulo cha kudenga. Anakulunga malambawo m'mikono, nanyamuka pang'onopang'ono popanda kudumpha, kenaka anatambasula manja uku ndi uku n'kuima m'malere ngati mtanda. Popeza ndinakhala kutsogolo, ndinkaona mitsempha ya m'khosi itatupa, mapewa akunjenjemera, thukuta likudonthera pamatiresi.

Masewerawa akusiyana ndi katungwe wouluka amene Jules Léotard, katswiri wa ku France wa masewera a m'malere, anayambitsa ku Paris mu 1859, chifukwa pa katungwe liwiro limamuthandiza munthu, pamene apa thupi lonse limanyamulidwa ndi mikono, mapewa, msana ndi minofu ya pamimba basi, ndipo akamachedwetsa kayendedwe m'pamene ntchito imakula.

Chimene chinandikhumudwitsa ndi nyimbo za m'gawo loyamba. Zinkachokera pa laputopu kudzera m'masipika osokosa, ndipo nyimbo yojambulidwa kale siidziwa kuti munthu watopa kapena akufuna kuima kanthawi. Inafika pachimake mnyamata uja akukonza lamba, ndipo inatha iye akadali chadodolido, moti anthu anasowa poombera m'manja.

Zinthu zinasintha atalowa oimba ng'oma awiri. Aliyense amene anakulira kuno ndi kuonerapo Gule Wamkulu pabwalo akudziwa kuti woimba mbalule, ng'oma yotsogolera, sayang'ana kumbali, amatsata mapazi a wovina, ndipo n'zimene anachita mkulu wa ng'omayo, maso ali kudenga. Mnyamata uja atamasula dzanja limodzi n'kulendewera ndi linalo, ng'oma zinangoti zii, mpaka tinamva lamba akulira pachitsulo. Ndipo pamene anadzimasula mogubuduka kutsika nalo liwiro, n'kuima mutu utatsala pang'ono kugunda pansi, ng'oma zinalira kamodzi pa nthawi yake yeniyeni. Mayi amene anali pambali panga anandigwira mkono ngakhale sitidziwana.

Chionetsero chinayamba mochedwa, ndipo matiresi aja ndi opyapyala kwambiri poyerekeza ndi kutalika kwa denga, zimene okonza ayenera kuziganizira mofatsa. Akadzabweranso ndidzalipiranso, koma ndikupempha kuti laputopuyo adzaisiye kunyumba ndipo a ng'oma adzayambe nawo kuyambira pachiyambi.