Shelefu yathu ya nyuzipepala patatha dzinja limodzi

Amayi ena a ku Dzivarasekwa, dera lina la mu Harare ku Zimbabwe kuno, andifunsa pa WhatsApp ngati nawonso angagule shelefu yonga yathu. Ndiyankhira pano kuti ena amve nawo.

Kalaibulale kathu kali m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi ku Mufakose, mu Harare momwemuno. Timagula The Herald, The Sunday Mail ndi Kwayedza. Nthawi zina abale obwera pa basi kuchokera ku Blantyre, kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, amatitengera The Nation ndi Malawi News. Zimenezi zimafika zitagonera, koma madala amazilimbirana kuposa za tsikulo.

Shelefuyi tinagula kwa kalipentala wina ku Glen View pa madola 170 a ku America. Ili ndi zitseko zopendekera: nyuzi yatsopano imatsamira kunja poonekera, ukatukula chitseko umapeza zakale zitasanjidwa mkati. Magazini amakhalapo bwino. Mateyala sanavutepo, vanishi akadali phuliphuli. The Herald ndi yaikulu, imalendewera m'mphepete, koma tinazolowera kuipinda pawiri.

Mutu unayamba kuwawa mvula itayamba mu Novembala. Pogula anatiuza kuti ndi thabwa la paini lokhalokha. Mafelemu ndi a paini ndithu, koma zitseko ndi bolodi ya utuchi wophatikiza yomatidwa kunja kuti izioneka ngati thabwa. Chipinda chathu chimachita chinyezi, ndiye bolodi inafufuma, masikuluu a mahinjesi n'kuyamba kusololoka. Chitseko china chinakakamira osatseguka, china chimatsika chokha munthu ali mkati mofufuza.

Chokakamiracho ndiye chosungira The Sunday Mail, yomwe achinyamata amaifuna chifukwa cha malonda a ntchito. Lolemba lina kunabwera bambo wina wachikulire, wopuma pantchito ya njanji, kudzafuna nyuzi ya masabata awiri apitawo kuti mdzukulu wawo aone adiresi yotumizirako kalata. Anakoka chitseko, osatheka. Anakokanso mwamphamvu, hinjesi n'kuzukiratu, chitseko n'kuwagwera pa chala chakuphazi. Anali atavala patapata.

"Mayi, kodi mwatitchera msampha? Nyuzi mukubisa, tsopano mukufuna kutipundula!"

Ndinati, "Pepani agogo, khalani apa ndione chalacho. Nyuzi yanu ndikupatsani pompano."

Sindinawafotokozere za chinyezi kapena za kalipentala. Munthu wapsa mtima safuna mbiri ya shelefu, akufuna tsamba lake. Ndinagwada n'kusolola mulu wonse, ndipo poti timasanja motsata masiku, yatsopano pamwamba, ndinaipeza msanga. Ndinawakopera adiresiyo papepala. Anachoka akung'ung'udzabe, koma Lachitatu anabweranso ndi sikuludiraiva yawo kuti aone ngati angakonze. Sizinatheke, poti sikuluu silingagwire pa utuchi wofumbutuka.

Tsiku limenelo mukanandifunsa, ndikanati shelefuyi ndi nkhuni basi. Lero mtima watsikako. Kunena zoona, isanabwere nyuzi zinkakhala m'makatoni pansi, chiswe chikudya, ndipo ofuna Kwayedza ya mwezi watha tinkangowauza kuti abwere mawa. Madandaulo amenewo anatha. Pano zitseko ziwiri tinazichotsa, malo ake tamangapo chingwe, ndipo pambali tinamata pepala lolembapo dzina la nyuzi ndi mwezi wake. Nkhope yake yaipa, koma anthu akupeza zomwe akufuna osandiitana.

Chimene chikundiwawabe ndi kalipentalayo. Titamuimbira anati vuto ndi chipinda chathu, osati ntchito yake. Kenako anavomera kusintha zitseko zonse kuti zikhale za paini, koma tiwonjezere madola 45, ndipo thiransipoti tilipire tokha. Ndinamufunsa ngati angalandire ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe kuno, poti zopereka za owerenga zimabwera mu ZiG, iye anakana kuti akufuna madola. Komiti yathu yati ndalama imeneyo ndi ya nyuzipepala za masabata angapo, sitingaichotse.

Ndiye amayi a ku Dzivarasekwa, kapangidwe kake ndi kabwino, gulani. Koma pitani ndi munthu wodziwa matabwa, atukule chitseko chilichonse ayang'ane m'mphepete momwe alowetsa sikuluu. Akapeza utuchi, musapereke kuposa madola 120, ndipo za kukonza mugwirizane polemba musanatulutse ndalama. Ife kalipentala wathuyo tamuuza kuti tili ndi madola 25. Mpaka pano sanayankhe.